Mbaniro ya a Simbeye ndi Anthu Atatu Amene Sanaone Kanthu

Ndisanayambe nditchuliretu mboni zanga, chifukwa anzanga a kuntchito amati ine ndikamafotokoza za mbuzi, imafika pakhomo itasanduka ng'ombe. Mboni yoyamba ndi mayi Nakamba, amene ankaphika mowa wa mawere kuseri kwa sukulu yathu. Yachiwiri ndi a Sikwese, telala wa makina opalasa ndi phazi. Yachitatu ndi mayi Namwila, mkazi wa a tcheyamani a nthambi ya chipani kumeneko. Awiri oyambawo anatisiya kale, ndipo mayi Namwila makutu anatseka, koma mukawakuwira bwino angathe kugwedeza mutu. Onse atatu anaona zonse ndi maso awo, ndipo pagulu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anavomera kuti anaona kanthu. Mboni zoposa zimenezi simungazipeze.

Ndikukumbukira kuti ndinali mu Sitandade 4. Abambo anali mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linawaponya ku Chitipa, pa kasukulu ka pafupi ndi mtsinje wa Lufita. Ulendo wake unatitengera masiku atatu, ndipo amayi anafika atasiya kulankhula ndi abambo, ndi boma lomwe. Tinazolowera msanga. M'mawa tinkati mwaghona, tikapatsidwa chinthu tinkati yewo, ndipo zina zonse anthu ankatithandiza ndi Chichewa chawo chimene ankachisungira alendo, ngati mbale ya galasi.

Kunyumba kwathu mawu oti mbaniro ankagwira ntchito kuposa munthu aliyense. Kansungwi kong'alula kamene amayi ankapanira makala oika mu nsimbi kanali mbaniro. Chitsulo cha abambo chokonzera wailesi chinali pulayala pakakhala alendo, alendo akachoka chinali mbaniro. Zala ziwiri zazikuluzikulu za nkhanu zinali mbaniro. Chala chachikulu cha abambo chikakumana ndi cha mkombaphala pa khutu langa, amayi ankangonena ali kukhitchini kuti mbaniro yagwira. Koma pamudzi mukatchula mbaniro osawonjezera kanthu, aliyense ankadziwa kuti mukunena ya a Simbeye.

A Simbeye anali wosula zitsulo. Anthu ankawaitana kuti fundi. Chipala chawo chinali kachisakasa ka udzu pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira yotsikira kumtsinje. Anali ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, nyundo ziwiri, chidutswa cha injini ya lole chosulirapo, ndi mbaniro imodzi. Inali yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, yakuda, zigwiriro zake zosalala ndi thukuta la mibadwo iwiri, chifukwa anasiyiridwa ndi bambo awo. Ankapanira makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi zitsulo za njinga. Inazulapo misomali, minga ya m'ziboda za ng'ombe, ndi dzino limodzi la a Sikwese, limene linatuluka ndi muzu wotalika ngati chinangwa. Ndinaliona ine. Usiku ankaisiya yopachika pa msomali pachipalapo, poti kunalibe munthu wopusa woti angabe chinthu chimene mudzi wonse umachidziwa nkhope.

Chaka chimenecho, dzuwa la mwezi wa Novembala litafika poumitsa malovu mkamwa, kunabwera uthenga woti nduna ikubwera ku Boma. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anayenda khomo ndi khomo. Tsiku limenelo kunalibe kulima, kusoka, kuphika mowa kapena kudwala. Akuluakulu onse ku msonkhano, khadi la chipani m'thumba. Ana a sukulu pamzere m'mbali mwa msewu kuwomba m'manja. Mphunzitsi aliyense anayenera kuchonga ana ake mu kaundula, ndipo kaundulayo amakaonedwa ndi a tcheyamani. Zimenezi sizinali zosewera nazo. Mphunzitsi wina wa ku Kaseye, tinkamva, anasokoneza kaundula wa tsiku lotere, anaitanidwa ku Boma kuti akangofotokoza pang'ono, ndipo kufotokozako kunatenga miyezi isanu ndi itatu.

Ine ndinali nditaimapo kale pamzere wotere. Tinaima kuyambira mmawa mpaka mthunzi unabwerera mbali ina, ndipo nduna inadutsa mawindo otseka. Chimene ndinaombera m'manja tsiku limenelo linali fumbi. Komanso ndinali ndi mlandu wanga kumtsinje. Sabata yapitayo ndinapisa dzanja pansi pa mwala pa dziwe lina, ndipo nkhanu inandipana chala chachikulu mpaka chikhadabo chinada. Kwathu ku Ntcheu nkhanu ndi ndiwo, ndipo sizinandikomere kuti ndiwo indilume ine n'kukhalabe ndi moyo.

Mmawa wa tsikulo abambo anatsegula kaundula tikumwa phala. Anandiyang'ana, nandichonga pomwepo. Mwana wako sumuitana dzina pamsewu ngati mlendo. Tinanyamuka limodzi, ndipo pamene ana ankakankhana pamzere, ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako pang'ono penanso, mpaka ndinapezeka kuti ndili m'munda wa chinangwa.

Mudzi unali zii. Nkhuku zokha ndi zimene zinkayenda momasuka, popeza zinalibe makhadi. Ndinafika pachipala. Makasu anali atandandalika pansi, oposa makumi awiri, ena othyoka msuka, ena okutha kukamwa, aliyense akudikira nthawi yake mvula isanagwe. La amayi linali lachisanu ndi chiwiri. Mbaniro inali pa msomali wake. Sindinaibe. Ndinaibwereka kwa mwini wake amene panalibe, zomwe ndi zosiyana.

Ndinaipachika paphewa ngati mfuti n'kuyamba kutsetsereka. Podutsa pa nkhokwe ya mayi Nakamba, nkhokweyo inayetsemula. Ndinaima. Pakati pa nsungwi zake panali diso, ndipo disolo linandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mbaniro. Palibe anapereka moni. Nditapita patsogolo, mu mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya a Sikwese munagwa nsapato imodzi. Mango sabala nsapato. Ndinayang'ana kumwamba ndipo ndinaona telala yense wathunthu atakhala pa nthambi, tepi yoyezera ili m'khosi. Anayang'ana kumbali ngati akuwerenga masamba. Nditafika padziwe ndinapeza mayi Namwila akuchapa kuseri kwa bango, mutu atamanga nsalu yonyowa ngati wodwala. Mkazi wa a tcheyamani weniweni. Anandiona, ndinawaona, ndipo tonse tinagwirizana mumtima kuti pamtsinje palibe munthu.

Dziwelo linali lakuya mbali ya mwala, madzi obiriwira, onunkha ndere. Ndinagona chafufumimba pamwala wotentha, ndinatsegula mbaniro n'kuilowetsa kuphanga kuja. Ndinamva kuti gwa. Ndinaganiza kuti ndagwira. Koma amene anagwira sindinali ine.

Pano ndipamene anthu amayamba kuseka, choncho ndinena mosamala. Nkhanuyo inali yaikulu ngati chishalo cha njinga. Sindikunena kachishalo ka njinga za masiku ano, ndikunena za njinga zakale zonyamula matumba. Inatulutsa mbaniro yake, inapana ya a Simbeye pakamwa penipeni, ndipo tinayamba kukokana. Ine ndinali ndi manja awiri, iyo inali ndi miyendo isanu ndi itatu ndiponso inali kwawo. Inandikoka mpaka chibwano changa chinakhudza madzi. Ndinaona maso ake ali pa timitengo, opanda mkwiyo, ngati a kalaliki amene wakuuzani kuti mubwere mawa. Kenako zigwiriro zosalala zija zinapulumuka m'manja mwanga, ndipo mbaniro ya mudzi wonse inalowa pansi pa mwala, pang'onopang'ono, ngati ikupita kokacheza.

Kuseri kwa bango kuchapa kunaima. Kenako kunayambiranso.

Ndinamira kasanu. Ndinatulutsa matope, chigoba cha nkhono ndi supuni ya munthu wina. Dzuwa litapendeka ndinabwerera kumsewu, zovala zitauma m'njira, ndipo ndinalowa m'gulu la ana obwerera kwawo. Nduna, ndinamva, inadutsa mawindo otseka. Abambo anandiyang'ana tsitsi, mmene munali ndere pang'ono.

Mmawa mwake a Simbeye anapeza msomali wokhawokha. Pofika masana mudzi wonse unali pachipala, ndipo a tcheyamani anabwera ndi jekete lawo la misonkhano ndi makaundula a sukulu m'khwapa. Anali munthu wamfupi, wokonda kuganiza mokweza mawu.

"Nkhaniyi njosavuta," anatero. "Dzulo tonse tinali ku Boma. Ndiye wakuba ndi amene sanali ku Boma. Amene anamuona anene."

Ine ndinali nditaima pafupi ndi abambo, ndipo zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse chimene akuluakulu anamvetsa nthawi yomweyo. Kuti munthu andione ine, anayenera kukhala pamudzi. Ndipo ine ndikatchulidwa, chotsatira chinali kaundula uja ali m'khwapa mwa a tcheyamani, mmene dzanja la abambo linalemba kuti ndinali pamsewu.

"Mama Nakamba, nyumba yanu ili panjira. Simunaone munthu?"

"Ine dada? Ndinali ku Boma. Ndinavina mpaka msana uwu."

"A Sikwese?"

"Kutsogolo penipeni, a tcheyamani. Nduna ndinaiona bwino chomene. Jekete lake mapewa anasoka molakwitsa pang'ono, koma nsalu yabwino."

Mkazi wawo sanamufunse. Anatsegula makaundula n'kuwerenga ndi chala, kalasi ndi kalasi. Ana onse analipo. Akuluakulu onse analipo. Malinga ndi mabuku, pamudzi panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo mbaniro inachoka yokha. A tcheyamani anatseka mabuku nanena kuti apereka masiku atatu, ikapanda kupezeka nkhaniyi ipita ku Boma, akaifunse okha amene amadziwa kufunsa.

Masiku atatu amenewo ndinaphunzira za ntchito yosula kuposa zimene ndinkafuna. Anthu anati fundi angosula mbaniro ina. A Simbeye anawafunsa kuti chitsulo chofiiracho achigwira ndi chiyani pochisula. Mbaniro imabadwa kwa mbaniro inzake. Anayesa mtengo wauwisi wong'alula, unapsa nyundo isanagunde kachitatu. Abambo anapereka pulayala yawo, ndi ulemu waukulu, koma inali yaifupi, ndipo moto unameta ubweya wonse wa pa mkono wa a Simbeye mpaka m'chigongono. Wina anati atume njinga kwa wosula wa ku Chisenga. A Simbeye anati ulendowo ndi wautali, ndiponso mbaniro ndi dzanja la munthu, dzanja sabwereka. Pamenepo mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo alionse, mphepo ikununkha dothi lonyowa la kwina, ndipo makasu anali gone pansi ngati odwala pa khonde la chipatala.

Palibe anandikalipira. Zikanakhala bwino akanatero. Mayi Nakamba ankandipatsa moni wautali, wondifunsa mmene ndagonera, mmene agonera amayi, mmene chagonera chala changa. A Sikwese anandiitana kuti ndiwagwirire nsalu, ndipo ali ndi mapini pakamwa anandifunsa chapansipansi kuti, "Limbani, kwanu ku Ntcheu nkhanu mumadya ndi chitsulo chomwe?" Abambo anasiya kutsegula wailesi. Ankakhala pakhonde akuyang'ana msewu wa ku Boma, ndipo tsiku lachiwiri ndinaona amayi akupinda malaya awo awiri n'kuwaika mu kachikwama pamodzi ndi sopo.

Kachikwama kameneko ndi kamene kananditsegula pakamwa. Ndinawapeza amayi akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinayamba kuti, "Amayi, tsiku lija..."

"Tsiku lija unali pamsewu," anatero osadzutsa mutu. "Dziwe liti?"

"La pamwala."

"Pita ukatunge madzi."

Madzulo amenewo amayi anapita kukabwereka mchere kwa mayi Namwila, ngakhale mchere tinali nawo. Anakhalako nthawi yokwanira kubwereka thumba lonse. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo amayi mpaka imfa yawo ankati anakambirana za mchere.

Mmawa wa tsiku lachitatu mayi Namwila anadzuka ndi nkhuli ya mlamba. Anauza amuna awo kuti matenda awo aja sangathe popanda msuzi wa mlamba, ndipo osati mlamba wamba, koma wa pa dziwe la pamwala. Nthawi ya chilimwe madzi akachepa, azimayi ankatseka dziwe ndi matope ndi miyala kumtunda kwake, n'kukapa madzi ndi mabeseni mpaka nsomba zitatsala pamatope. Zinali zachizolowezi. Chachilendo chinali chakuti tsiku limenelo nkhuli ya mlamba inagwira mudzi wonse. Mayi Nakamba anabwera ndi zidebe zawo za mowa. A Sikwese, amene chibadwire sanagwirepo matope, anapinda buluku mpaka m'mawondo. A Simbeye anabwera n'kukhala pamwala, manja ali pa mawondo, ngati munthu wongodutsa. Kumunsi kunali maiwe ena atatu a nsomba zambiri, koma palibe anawayang'ana.

Tinakapa kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu. Azimayi ankaimba, mabeseni akulira, madzi akuchepa, fungo la matope likukwera. Milamba inayamba kuphiriphitha ndipo ana ankaigwira, koma akuluakulu maso anali pa phanga la pansi pa mwala. Madzi atafika m'akakolo, panaoneka zigwiriro ziwiri zakuda zitatulukira kuphangako.

"Kodi ichi n'chiyani?" anatero mayi Namwila, modabwa bwino kwambiri.

A Simbeye anatsika, anagwira zigwirirozo n'kukoka kamodzi. Mbaniro inatuluka, ndipo kumapeto kwake kunali nkhanu ija, ikadagwirabe. Masiku atatu osasiya. Amene akufuna kutsutsa akatsutsane ndi mayi Namwila.

A tcheyamani anaitanidwa. Anafika ndi jekete lija, anayang'ana mbaniro, anayang'ana nkhanu, anayang'ana mtunda wochokera pachipala kufika padziwe, umene unali wokwanira ndithu. Kenako anayang'ana mkazi wawo, amene anali kalikiliki kutsuka beseni loyera kale.

"Fundi, chitsulo ichi chafika bwanji kuno?"

"Wakuba ndi uyu mwamugwira, a tcheyamani," anatero a Simbeye, akuikweza m'mwamba nkhanuyo. "Ku Boma sanapite. Khadi alibe. Katundu tamupeza naye m'manja."

A tcheyamani anaganiza, ulendo uno mosakweza mawu. Ndikhulupirira kuti anawerenga anthu amene akanapita nawo ku Boma nkhaniyi ikanapitirira, ndipo anapeza kuti mmodzi wa iwo ndi amene amawaphikira. Ananena kuti nkhanu za masiku ano zafika poipa, ndipo analamula kuti wakubayo apite kunyumba kwawo akasungidwe ngati umboni. Madzulo ake umboniwo unamveka fungo mudzi wonse. Unali ndi tomato.

Moto wa pachipala unayaka masana omwewo. Anthu anakhala mozungulira, aliyense diso pa khasu lake, mitambo ikuda. Koma a Simbeye sanayambe ndi khasu. Anatenga zidutswa ziwiri za chitsulo chakale, anaziika pamoto, anazipana ndi mbaniro yawo n'kuyamba kusula. Anthu anang'ung'udza, iwo osamva. Anapinda, anaboola, analowetsa msomali pakati n'kuuphwanya mutu, anaviika m'madzi kuti tswee. Inali mbaniro yaing'ono, yotalika ngati supuni yophikira. Anaipereka ndi manja awiri kwa abambo, amene kumeneko ankawatchula asambizi, kutanthauza aphunzitsi.

"Asambizi, ndamva kuti anthu a kwanu mumakonda nkhanu. Iyi izikhala kunyumba kwanu. Yangayi izigona pano."

"Yewo, fundi," anatero abambo, nawonso ndi manja awiri.

Khasu la amayi, limene linali lachisanu ndi chiwiri, linapezeka kuti lili kumapeto kwa mzere. Palibe anafunsa kuti lasuntha bwanji. Mvula inagwa lisanakonzedwe, ndipo ine ndinabzala munda wathu wonse ndi kakhasu kobwereka kotha kukamwa, anzanga atamaliza kale.

Kunyumba abambo anatulutsa malaya awo m'kachikwama muja n'kuwabwezera pa msomali. Kenako anandiitana, anatsegula kope langa la masamu, naliyang'ana nthawi yaitali. Ananena kuti seveni wanga akuoneka ngati wani. Chitsulo chatsopanocho sanachigwiritse ntchito, zala zawo zinakwanira. Mbaniro inagwira khutu lakumanzere, ndipo inagwira nthawi yaitali kuposa mmene seveni aliyense angafunire. Mpaka lero khutu limenelo ndi lalitali kuposa linzake. Ometa tsitsi amandifunsa, ndipo ndimawauza kuti ndi masamu.

Ndinabwererako ku Chitipa zaka zingapo zapitazo. Pamene panali chipala pali kagolosale, ndipo pa shelefu pali mapulayala a zigwiriro zofiira, ambirimbiri, otchipa, oti ukapana nawo msomali amapindika ndi iwowo. Khasu likathyoka anthu amagula lina. Nduna ikabwera, amene akufuna amapita, amene sakufuna amakhala pakhomo poyera, osakwera mumtengo. Zimenezi ndi zabwino, ndipo sindikufuna kuti masiku aja abwerere. Kungoti masiku ano mwana akanyamula chinthu cha eni, asanafike kumtsinje anthu khumi amakhala atamujambula pa foni, ndipo ena makumi awiri amene kunalibeko amakhala atafotokoza kale mmene zinachitikira.

Abambo anaphunzitsa pasukulu ija zaka zina zisanu ndi chimodzi, napuma ntchito bwinobwino ku Ntcheu. Chipani chimodzi chitatha, anthu atayamba kulankhula zonse zimene anasunga, ndinayesa kuwauza za tsiku lija. Tinali pakhonde, iwo akupana khala ndi kambaniro ka a Simbeye kuti ayatsire mbaula. Anandimvetsera mpaka pamene nkhokwe inayetsemula, kenako anakweza dzanja.

"Ine ndinakuchonga," anatero. "Unali pamsewu."

Choncho ngati kaundula uja alipobe m'kabati ina, chiswe chisanamudye, akunena kuti tsiku limenelo ndinaima padzuwa ndikuwomba m'manja. Abambo anga sankanama.